Chipaipi cha matani 2,000 amachiimika bwanji pakati pa nyanja?

Funso la lero lachokera kwa bambo wina wa ku Matero kuno ku Lusaka, kwawo ndi ku Katete. Alemba motere: "Ine ndimayendetsa kireni ya matani 50, chaka chino n'chachisanu ndi chinayi. Tsiku lina magetsi atathima tili khale pakhonde, mphwanga anandionetsa pa foni sitima ikudzutsa chipaipi chachikulu ngati nyumba yosanja n'kuchiimika m'madzi. Akuti ndi maziko a makina opanga magetsi ndi mphepo. Usiku umenewo tulo tinandivuta. Kodi zinthu zotere amanyamulira chiyani, nanga sitimayo bwanji sigubuduka? Ndipo munthu ngati ine, amene nyanja yamchere ndimangoionera pa TV, ntchito imeneyi ndingaigwire?"

Achimwene, safunsa anadya phula, choncho mwachita bwino. Ine ntchito yanga ndi yoyendera ndi kuyesa zida zonyamulira katundu wolemera. Ndinayambira ku migodi ya ku Copperbelt ndisanabwere kuno, ndipo nkhani za makireni a panyanja ndimazitsatira ngati mmene ena amatsatirira mpira. Nzeru zimene mumagwiritsa ntchito m'mawa uliwonse mukamawerenga load chart yanu, tchati chija chosonyeza kulemera kumene kireni iloledwa kunyamula, ndi zomwezonso zimene amadalira kumeneko. Pali kusiyana kumodzi, koma n'kwakukulu. Inu mukatambasula miyendo ya kireni, dziko limakhala chete kukudikirani. Panyanja palibe chokhala chete: sitima ikuvina, katundu akulendewera, madzi akukankha. Pafupifupi chida chilichonse chodula chimene munaona mu kanema uja anachipanga kuti chilimbane ndi kugwedezeka kumeneku.

Tiyambe ndi katunduyo. Chipaipi chija dzina lake ndi monopile. Ndi paipi imodzi yachitsulo, yapululu kumwamba ndi pansi, imene amaikhomera m'nthaka ya pansi pa nyanja monga timakhomera chikhomo chomangirira mbuzi, kenaka nsanja ya makina a mphepo imadzakhala pamwamba pake. Maziko ambiri a m'nyanja za ku Ulaya ndi a mtundu umenewu. Pamalo otchedwa Arcadis Ost 1, m'nyanja ya Baltic kufupi ndi chilumba cha Rügen ku Germany, mu 2022 anakhoma mapaipi a mamita 9.5 m'mimba mwake, ena otalika mpaka mamita 110, ndipo kulemera kwake kunkapitirira matani 2,000. Mukadzadutsa pa Cairo Road mudzayang'ane Findeco House. Nyumba ija ndi yotalika pafupifupi mamita 90, kutanthauza kuti paipi imodzi itaimikidwa pambali pake ingaipitirire ndi mamita 20. Za kulemera, werengani matumba 80,000 a ufa a makilogalamu 25, kapena malole pafupifupi 70 a matani 30 aja amanyamula mkuwa kupita ku Dar es Salaam.

Sizinayambe choncho. Munda woyamba wa makina a mphepo a panyanja unamangidwa ku Vindeby, ku Denmark, mu 1991. Munali makina 11 okha, aliwonse a makilowati 450, atakhala pa maziko a konkire m'madzi osaya kufupi ndi gombe. Koma ku Dogger Bank, makilomita oposa 130 kuchokera ku gombe la England, mu 2023 anayamba kuimika makina a mamegawati 13, ndiye kuti amodzi okha akufanana ndi a ku Vindeby pafupifupi 30. Makina akakula maziko amakula, ndipo maziko akakula, kireni ya chaka chatha imasanduka ya ana.

Pali mitundu inanso ya maziko imene ndingoitchula mwachidule. Ina ndi nsanja ya miyendo itatu kapena inayi yolukidwa ngati mapailoni a ZESCO, imene amaitcha jacket. Ku Seagreen, ku Scotland, miyendo ya nsanja zotere ili ndi zindowa zazikulu zovundikira. Akapopa madzi a m'kati, ndowa imadzimiza yokha m'nthaka popanda kukhoma. Ina ndi ya konkire yongokhala pansi ndi kulemera kwake, monga maziko 71 a ku Fécamp, ku France, aliwonse a matani pafupifupi 5,000. Palinso yoyandama, yomangidwa ndi maunyolo, monga ya ku Hywind Scotland ya mu 2017. Koma poti inu munaona paipi, tikhale pa paipi.

Ulendo wake umayambira padoko, paipi ili chigonere pa zotsamira zachitsulo. Poisuntha amalowetsa pansi pake ngolo za matayala ambirimbiri zotchedwa SPMT, zimene zimalumikizidwa mondondozana ndi mopingasa mpaka zikwane. Zilibe chiwongolero, woyendetsa amayenda pansi pambali pake ndi kabokosi pachifuwa, liwiro lake ngati la munthu woperekeza maliro. Majeki a mafuta amene ali pa matayala amagawana kulemera kuti pasakhale tayala losenza kuposa linzake. Paipi ikafika pa sitima kapena pa chibaji, chibwato chafulati chokokedwa ndi maboti, amaimangirira molimba kuti isagubuduke m'njira. Nthawi zina amangotseka mbali zonse ziwiri ndi zivundikiro, n'kuiponya m'madzi kuti iyandame yokha ngati botolo, maboti n'kumaikoka. Sitima ina yakale yotchedwa Svanen, imene anaipanga kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 pomanga mlatho wa Great Belt ku Denmark, yakhoma mapaipi ambiri obwera mwa njira imeneyi.

Tsopano sitima zonyamula. Zili m'magulu awiri, ndipo gulu loyamba mulimvetsa msanga chifukwa ndi kireni yanu yomwe, kungoti yakula. Sitima ya jack-up ili ndi miyendo inayi kapena isanu ndi umodzi imene imatsitsidwa mpaka kuponda pansi pa nyanja, kenaka thupi lonse la sitima limakwera pa miyendoyo n'kutuluka m'madzi, n'kukhala m'mwamba ngati nkhokwe pa mafuwa ake, mafunde akungodutsa kunsi. Ikatero yasiya kukhala sitima, yasanduka bwalo louma. Yaikulu yodziwika ndi Voltaire ya kampani ya Jan De Nul ya ku Belgium, imene miyendo yake ndi ya mamita pafupifupi 130, ndipo kireni yake imanyamula matani oposa 3,000.

Vuto la miyendo mukulidziwa kale. Zaka zingapo zapitazo tinkatsitsa transformer pa yadi ina cha ku Mungwi Road, mvula itagwa dzana lake. Mwendo wakumbuyo wa kumanzere tinaukhazika pa matabwa ochindikala, nthaka ikuoneka youma gwa. Katundu atangochoka pa lole n'kuyamba kuzungulira, ndinamva kaphokoso ngati munthu waponda chikho chouma. Kuyang'ana pansi, thabwa limodzi lapendekeka ndipo m'mphepete mwake mukutumphuka madzi akuda onunkha. Kunsi kwake kunali chimbudzi chakale chokwiriridwa chimene eni yadi anaiwala kutiuza. Woyendetsa anali munthu wodekha, sanadzidzimuke. Anabweza katundu pang'onopang'ono momwe anadzera n'kumukhazikanso pa lole. Palibe anavulala, koma malaya anga anachita kumatirira kumsana ndi thukuta. Ndipo Lusaka yathuyi, yokhala pa miyala ya laimu yamapangamapanga, imachita zotere ngakhale popanda chimbudzi.

Panyanja zomwezi zimachitika: pamwamba mchenga wolimba, kunsi kwake dothi la phala, mwendo n'kubowola mwadzidzidzi sitima ili m'mwamba. N'chifukwa chake asanapite amayamba abowola nthaka ya pamalo aliwonse n'kuipima. Akafika sayamba kunyamula. Amakweza sitima pang'ono chabe, n'kutsamiritsa kulemera kwake pa miyendo iwiri yoyang'anizana mopingasa, kudikira, kenaka pa iwiri inayo. Cholinga n'chakuti mwendo uliwonse ulawiretu katundu woposa amene udzasenze pa ntchito, kuti ngati n'kumira umire tsopano sitima ili pafupi ndi madzi. Ntchito imeneyi yokha imatha kudya maola.

Gulu lachiwiri ndi la sitima zonyamula zili choyandama, ndipo mapaipi akuluakulu ambiri a masiku ano akukhomedwa ndi zimenezi, popeza kutsitsa ndi kuzula miyendo kumachedwetsa, komanso miyendo ili ndi malire a zimene ingasenze. Orion ya kampani ya DEME, imene inakhoma mapaipi a ku Arcadis Ost aja, ili ndi kireni ya Liebherr ya matani 5,000. Les Alizés ya Jan De Nul ilinso ndi ya matani 5,000. Sleipnir ya kampani ya Heerema ya ku Netherlands ili ndi makireni awiri a matani 10,000 iliyonse, ndipo mu 2019 inanyamula matani 15,300 kamodzi n'kamodzi ku Leviathan, m'nyanja ya Mediterranean. Ndi Sleipnir yomweyo imene inakhazika maziko a konkire a ku Fécamp.

Apa ndiye pali funso lanu loti bwanji sizigubuduka. Ngati munakwerapo bwato pa Luangwa mukudziwa kuti munthu mmodzi akaweramira kunja kuti atunge madzi, mnzake amatsamira mbali inayo. Sitima izi zili ndi matanki ambiri m'mimba mwake ndi mapampu amphamvu. Kireni ikamazungulira ndi katundu kupita kumanja, mapampu amathamangitsa madzi kupita kumatanki a kumanzere, ndipo awiriwa ayenera kuyendera limodzi. Woyendetsa kireni sangazungulire mofulumira kuposa mmene madzi akusamukira. Madzi amenewa ndiwo counterweight yawo, cholemera chija chokhala kumbuyo kwa kireni kuti isagwe, kungoti ndi yoyenda. Kuti sitima isachoke pamalo, saponya nangula nthawi zambiri. Pansi pake pali mapropela angapo otha kutembenukira kulikonse, ndipo kompyuta imawerenga GPS, mphepo ndi kukoka kwa madzi n'kumawalamula sekondi iliyonse. Njira imeneyi amaitcha DP. Sitima yaitali kuposa mabwalo awiri a mpira imatha kukhala pamalo amodzi maola ambiri osaponda pansi.

Mbali imene ine ndimaiona yovuta koposa ndi kudzutsa paipi kuchoka chogona kufika choimirira. Kumbukirani mmene timaimikira mzati wa nyumba kumudzi: ena amadzutsa kumutu, wina amaponda kutsinde kuti usatereke. Pa sitima, tsinde la paipi limakhala m'chibelekero chachitsulo chokhala ndi hinji m'mphepete mwa sitima, ndipo mutu umagwidwa ndi chida chapadera chopachikidwa pa ngowe. Kawirikawiri paipi sikhala ndi makutu omangapo sling, chingwe chomangira katundu ku ngowe, chifukwa pamutu pake padzamenya nyundo. Choncho chidacho chimalowa m'kamwa mwa paipi, majeki n'kutambasula mano ake kuti alume khoma la m'kati, kapena chimagwira mlomo wa pamwamba umene padzamangidwe mabawuti. Amachipanga mwakuti katundu akamakoka, kuluma kumawonjezeka, ndipo mafuta atati atayike sichingalavule. Chida chimenechi pachokha chimalemera kuposa zimene kireni yanu inganyamule.

Podzutsa, poyamba kireni imasenza pafupifupi theka la paipi, theka linalo lili pa hinji. Paipi ikamaimirira, ngowe iyenera kukwera ndi kusendera nthawi imodzi kuti chingwe chikhale chowongoka, ndipo pomaliza kulemera konse kumasamukira pa ngowe. Mukudziwa zimene zimachitika chingwe chikakoka chammbali: boom, mkono wautali uja wa kireni, siinapangidwire zimenezo. Pali chinanso chimene anthu saganizira akamva za matani 5,000. Kawirikawiri chimene chimayamba kutha ndi msinkhu, matani akadalipo. Pa mamita 110 a paipi wonjezerani chida chogwirira, ma sling ndi ngowe yeniyeniyo. N'chifukwa chake paipi amaidzutsira kunja kwa sitima kuti tsinde lake lizimira m'madzi, ndiponso n'chifukwa chake eni sitima zakale akhala akuzitalikitsa ma boom.

Paipi ikangolendewera, yasanduka katungwe. Mwana pa katungwe safuna kumukankha mwamphamvu. Mukangomukankha pang'ono pa nthawi yoyenera, kambirimbiri, amafika kumwamba. Mafunde amachita chimodzimodzi. Mafunde aafupiafupi othovoka, ooneka oopsa, sitima yaikulu siwamva kwenikweni. Oopsa ndi aja aataliatali oyenda mwaulemu, ochokera ku namondwe wakutali, tsiku lowala bwino lopanda mphepo. Akagwirizana ndi kavinidwe ka sitima kapena ka katundu, kugwedezeka kumakula kokha. Inu mumapatsa anyamata awiri zingwe za tagline kuti agwire katundu. Kumeneko ntchito imeneyo imagwiridwa ndi mawinchi, chifukwa palibe dzanja la munthu lingaletse matani 2,000 akafuna kupita kwina.

Kugwedezeka kumawonjezeranso kulemera. Ndowa yodzaza mukaikoka mwakachetechete pachitsime chingwe chimapirira, koma mukailekerera n'kuigwira modzidzimutsa chimaduka, chonsecho madzi ndi omwewo. Sitima ikakwera pa funde, nsonga ya boom imakwera nayo n'kukoka katundu. Ikatsika chingwe chimafuna kukhwefuka, kenaka n'kukungika mwadzidzidzi. Choncho mainjiniya polemba pulani amachulukitsa kulemera kwa katundu ndi nambala yoonjezera yoimira kugwedezeka, ndipo kireni imene padoko imanyamula matani 5,000 imaloledwa zochepa ikakhala pamafunde. Load chart yawo ili ndi mzere umene yanu ilibe, wa msinkhu wa mafunde.

Paipi ikatsitsidwa imalowa m'mphete yaikulu yotuluka m'mbali mwa sitima, imene amaitcha gripper. Mpheteyi imatseguka ngati nkhanu n'kutsekera paipi, ndipo m'kati mwake muli timatayala tolola paipi kutsika koma osapendekeka. Pa sitima ya miyendo izi n'zosavuta. Pa sitima yoyandama ndi pamene pali ufiti wa sayansi, chifukwa chogwiracho chikuvina pamene chogwidwacho chiyenera kuima njo. Ndiye mphete imakhala pa njanji, ndipo majeki a mafuta amaikankha motsutsana ndi kuyenda kwa sitima: sitima ikasendera kumanja, mphete imabwerera kumanzere ndi muyeso womwewo, nthawi yomweyo. Malire amene ambiri amapatsidwa ndi kota ya digiri imodzi. Pa paipi ya mamita 100, kumeneko n'kupendekeka kwa masentimita 44, kuchokera pachigongono kufika kunsonga ya chala. Ikapitirira apo, nsanja yonse ya pamwamba idzakhala yopendekeka kwa zaka 25 kapena kuposa, ndipo paipi yokhomedwa kale siwongoleka ngati msomali.

Paipi ikaponda pansi imayamba yamira yokha mamita angapo ndi kulemera kwake. Kenaka kireni imasiya chida chogwirira n'kukatenga nyundo, imene imavala pamutu pa paipi ngati chisoti. Nyundo zazikulu, monga MHU 4400S ya kampani ya Menck, zimamenya ndi mphamvu ya makilojulo 4,400. Nditawerengera ndinapeza kuti n'chimodzimodzi kugwetsa matani 30 kuchokera mamita 15 m'mwamba, ndipo paipi imodzi imalandira nkhonya zoterozo masauzande. Choopsa apa ndi dothi la phala lija. Paipi ikabowola mchenga wolimba n'kupeza lofewa, imatha kutsetsereka mamita angapo m'kuphethira kwa diso, nyundo ya matani mazanamazana n'kuitsatira, ndipo zonsezo zimakathera pa ngowe. Choncho pakati pa ngowe ndi nyundo ena amaikapo chida chonga shock absorber yaikulu, komanso woyendetsa nyundo amachepetsa mphamvu akamayandikira pamene mapepala a nthaka akuonetsa zofewa. Kumene pansi pali thanthwe, monga ku Saint-Nazaire ku France, mapaipi ambiri anachita kuwabowolera dzenje ndi makina n'kuwamata ndi simenti.

Phokoso la nyundo m'madzi limagonthetsa nyama za m'nyanja. Ku Germany malire ndi madesibelo 160 pa mtunda wa mamita 750, ndiye amayala payipi ya mabowo mozungulira malowo n'kupopamo mpweya, thovu lokwera n'kupanga ngati mpanda wotchinga phokoso. Akamaliza kukhoma, nthawi zambiri amavekapo chigawo chachikasu chokhala ndi makwerero ndi poima maboti, ndipo pamenepo maziko atha. Nyengo ikalola, paipi imodzi imatha tsiku limodzi kapena awiri.

Pali nkhani imodzi imene ndimauza gulu lililonse limene ndikuliphunzitsa. Mu May 2020, Orion ija isanayambe n'komwe ntchito, kireni yake inali kuyesedwa padoko la Rostock ku Germany. Cholinga chinali kufika matani 5,500. Atafika pafupifupi matani 2,600, ngowe inathyoka. Katundu atachoka mwadzidzidzi, boom yonse inagadamira kumbuyo n'kuphwanyika pa sitima, anthu ena n'kuvulala, ndipo sitimayo inadzayamba ntchito mu 2022. Taonani pamene panaduka: padoko, madzi ali bata, katundu ali theka, mainjiniya onse ali pomwepo. Anthu akamasirira kireni amayang'ana boom, koma matani onse aja amadutsa pa ngowe imodzi, pa shackle (chitsulo chopindika cholumikizira zingwe), pa pini yake. Komanso n'chifukwa chake timayesa, kuti chothyoka chithyoke tsiku loyesa, anthu ataima patali.

Kuno kwathu ndimapeza zimenezi mlungu uliwonse. Shackle yotaya pini yake, wina n'kulowetsamo bawuti wamba wa pa lole poti wakwana pabowo. Chingwe cha waya chimene ukachipukuta ndi sanza, sanzayo imakodwa n'kusiya ulusi pa timawaya toduka. Sling ziwiri zotambasulidwa kwambiri poti zafupika, anthu osadziwa kuti ngodya ya pakati ikafika madigiri 120, sling iliyonse ikusenza kulemera kofanana ndi katundu yense, osati theka. Lamulo lathu la Factories Act limafuna kuti maunyolo, zingwe ndi makireni aziyenderedwa nthawi ndi nthawi. Ku Britain lamulo la LOLER la 1998 limati ma sling ndi ma shackle aziyenderedwa miyezi isanu ndi umodzi iliyonse, kireni miyezi khumi ndi iwiri. Panyanja chida chopanda nambala ndi satifiketi sichikwera n'komwe pa sitima, ndipo pamakhala munthu woimira a inshuwalansi amene akapanda kusaina, palibe chonyamuka.

Chinthu china chimene ndimasirira kumeneko ndi ulemu umene amapereka kwa mawu oti "imani". Sitima zotere zimadya ndalama zoposa madola 100,000 pa tsiku, koma zimatha kukhala masiku zikudikira nyengo, anthu akumwa tiyi. Asanadzutse paipi amafuna kuona kuti nyengo yabwino ikwanira ntchito yonse ndi maola ena apadera, chifukwa paipi ikadzuka palibe poikhazika mwamsanga. Yerekezani ndi kuno, kumene bwana amaima kumbuyo kwanu akuloza wotchi, mphepo ya mu August ikuulutsa malata, n'kumati "ingokwezani kamodzi kokha".

Za kuti zingabwere ku Zambia, ndinene mosabisa kuti musaziyembekezere. Tilibe nyanja yamchere, sitima zoterezi sizingafike pa Kariba, ndipo Tanganyika ndi yakuya mamita oposa 1,400. Komanso a ku Ulaya anathawira panyanja chifukwa malo a pamtunda anawachepera ndipo mphepo ya ku North Sea ndi yamphamvu. Ife malo tili nawo. Chilala cha 2024, pamene Kariba inaphwa mpaka tinkakhala maola 20 ndi kuposa opanda magetsi, chinatiphunzitsa kuti kudalira madzi okha n'kuika mazira onse pa mutu wa mwana. Koma yankho lathu lili pa dzuwa ndi pa makina a mphepo a pamtunda. Ku Kenya, ku Lake Turkana, anaimika makina 365 opanga mamegawati 310, ndipo zida zonse zinayenda pa malole kuchokera ku Mombasa, atakonza kaye msewu wa makilomita oposa 200. Ntchito yoteroyo imafuna makireni a crawler, aja oyenda pa matcheni ngati katapila, malole a abnormal load onyamula katundu wamkulu mopitirira muyeso ndi anthu odziwa kumanga katundu, ndipo imeneyo ndi yotheka kufika pakhomo panu.

Nanga inuyo panyanja? Khomo silotseka, koma lili kutali, ndipo palibe amachoka pa matani 50 n'kukakhala pa mpando wa matani 5,000. Anthu amene ali pa mipando imeneyo anayamba ngati omanga katundu pa deki, akupereka ma siginolo, zaka n'zaka. Ine nditakhala inu ndikanayamba ndi kufunafuna makireni aakulu a crawler ku migodi ya ku Solwezi ndi Kalumbila, makamaka pa nthawi ya shutdown, akaimitsa makina a pamgodi kuti awakonze, pamene amanyamula zolemera ndi makireni awiri nthawi imodzi. Sungani buku lolembamo ntchito iliyonse: tsiku, kulemera, mtunda wa boom, mtundu wa kireni, ndi siginecha ya woyang'anira. Mapepala anu a TEVETA akhale a nthawi yake. Phunzirani kulemba lift plan, pulani ya kanyamulidwe ka katundu, nokha, osangoisaina. Makampani onyamula zolemera monga Mammoet ndi Sarens amagwira ntchito ku South Africa komanso m'madoko a ku Ulaya kumene mapaipi aja amakwezedwa, ndipo njira ya munthu wa kumtunda imadzera kumeneko.

Kuti mukwere pa sitima pamafunika chiphaso cha dokotala ndi maphunziro a chitetezo a bungwe la GWO, a magawo asanu: chithandizo choyamba, kunyamula ndi manja, moto, kugwira ntchito m'mwamba, ndi kupulumuka panyanja. Amatha mphamvu pakapita zaka ziwiri, choncho musawalipire musanaone ntchito. Gawo lomalizalo amakuponyani m'madzi mutavala zonse n'kukuuzani kuti mukwere m'kabwato kopopa, ndiye ngati kusambira kwanu kunathera pa dambo la ku Katete muli mwana, yambani kuyeserera. Chizungu cha pa wailesi chikhale chachifupi ndi chomveka, chifukwa pa deki pamakhala anthu a mitundu yambiri. Ndipo wina akakulemberani pa WhatsApp kuti ali ndi malo pa sitima ku Ulaya, mungotumiza kaye ndalama ya fomu, ameneyo ndi wakuba.

Mphwanuyo muuzeni akupezereninso kanema uja magetsi akabwera, koma ulendo uno musayang'ane boom. Yang'anani pansi, pa mphete yogwira paipi. Mudzaona majeki ake akulowa ndi kutuluka pang'onopang'ono ngati nthiti za ng'ombe yogona, sitima ikusendera uku ndi uku, paipi ili njo pakati. Kenaka fufuzani munthu mmodzi waima payekha pa deki, wailesi ili kukamwa, maso ali pa katundu. Woyendetsa kireni ali m'mwamba kwambiri moti tsinde la paipi saliona, ndipo dzanja lake silisuntha mpaka munthu ameneyo alankhule.